Kabokosi ka Mnyanga ka Che Abdullah

Biwi,
Lilongwe.
12 Ogasiti, 1996.

Okondedwa achimwene Josiah,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino inu, alamu anga ndi ana onse kumeneko ku Karonga. Ine kuno thupi lili bwino, Jacinta nayenso wayamba kuima chogwirira mpando ndipo mano atuluka anayi. Koma mtima wanga suli m'malo, achimwene. Ndikukudziwani inu, kalata yanga mumaiponya m'chikwama cha kamera n'kudzaikumbuka patapita sabata. Iyi yokha chonde werengani lero lomwe mpaka pamapeto, musanapite kukajambula anthu ku depoti.

Alamu anu a Gilford ali m'manja mwa boma. Anawatenga Lachisanu pa 26 Julaye pakhomo pathu pano, masana dzuwa lili paliwombo, anthu a m'Biwi muno akuonerera. Mlandu wake ndi wopezeka ndi mnyanga wa njovu. Belo anawakaniza, ndipo mlandu ulowa m'khoti Lachinayi pa 29 mwezi uno. Odziwa malamulo akuti zikavuta ndi zaka, osati miyezi. Amayi ku Kasinje sindinawauze, ndipo inunso musawauze, mukudziwa m'mene mtima wawo umathamangira. Pali chinthu chimodzi chimene chingawatulutse alamu anuwo, ndipo ngati chidakalipo chili m'nyumba mwanu. Koma ndiyambe ndafotokoza bwino, kuti mumvetse chifukwa chake ndikulemba mokhotakhota chonchi.

Mukukumbuka kuti a Gilford asanandikwatire ankasema minyanga, nthawi ija zinali zololedwa. Chiletso chitabwera anasiyiratu, mpaka analumbira pamaso pa abusa. Kuyambira pamenepo amasema ziboliboli za phingo ndi mlombwa, komanso tinthu ta mafupa a ng'ombe, ndolo, zibangili ndi tinsomba, zimene amakagulitsa kwa azungu m'tauni. Pantchitoyi tinagawana. Iwo amasema, ine ndimamaliza. Za mtengo ndimazikwecha ndi sandipepa n'kuzipaka polishi. Za mafupa ndimaziviika m'madzi a jiki ndi mandimu, n'kuziyanika pa thandala masiku awiri mpaka ziyere mbee. Sindikudzitama, koma amisiri anzawo onse amadziwa kuti pakhomo pa Jemima sipachoka chinthu chakuda.

Mwezi wa Malichi kunabwera mlendo, Che Abdullah, telala wokalamba wa ku Kawale amene anasoka suti ya ukwati wathu. Kwawo ndi ku Makanjira, koma m'tauni muno akhalamo zaka zoposa zanga zobadwa. Anafika atakumbatira kanthu kokulunga m'nsalu yobiriwira, ndipo anakana kukamasulira panja. Titalowa m'nyumba anapempha madzi, anasamba m'manja, ndiye n'kumasula.

Kanali kabokosi, achimwene, kukula kwake ngati theka la buledi, chivundikiro chake chotsetsereka ngati denga la nyumba. Mbali zonse kanali kosemedwa, popanda malo oti n'kuikapo chala. Panali mpesa wopiringizana, ndipo mkati mwa mpesawo mbalame ziwiri zoyang'anana, agwape akuthamanga, munthu wokhala chopinda miyendo akuimba ngati bangwe, ndi wina wokwera hatchi atanyamula kabawi padzanja. M'mphepete mwa chivundikiro munazungulira malemba a Chiarabu. M'makona munali timikuwa tobiriwira ndi ukalamba. Maonekedwe ake anali ngati tiyi wothira mkaka pang'ono, koma m'mizere ya zosemazo munali mwakuda ngati mano a munthu wosuta chingambwe. Atatsegula munatuluka kafungo kokoma kakutali, koti ukakafunafuna ndi mphuno kamathawa.

A Gilford atangokaona anabweza manja kumbuyo.

"Che Abdullah, uwu ndi mnyanga. Ine ndinalumbira, sindigwiranso."

"Sindikuti museme, mwanangu," anatero mkuluyo. "Kahinji aka kagwedera, ndiye chivundikiro chikufuna kugwa. M'tauni muno amisiri ndi ambiri, koma wodziwa kuti mnyanga sufuna nyundo ndinu nokha. Mdzukulu wanga akukwatiwa mu Seputembala, ndikufuna ndimupatse kali kabwino."

Kenaka anatiuza mbiri yake monga anaimvera kwa agogo awo. Akuti kanasemedwa kutali, kupitirira ku Iguputo, kumaiko kumene kunkalamula mafumu a Chisilamu zaka mazana asanu ndi atatu zapitazo kapena kuposa. Timabokosi totere ankasemera akazi ndi ana aakazi a mafumu kuti azisungamo zonunkhira ndi mphete. Kanayenda m'manja mwa anthu ambiri mpaka agogo a agogo awo anakalandira ku Kilwa, kugombe la nyanja yamchere, atapitako pa ulendo wa malonda. Malembawo anatiwerengera akulondoleza ndi chala osakhudza: madalitso a Mulungu, mtendere ndi moyo wautali kwa mwini wake.

"Mwina mnyangawu unachoka kwathu konkuno," anatero akuseka. "Njovu inapita kunja ili maliseche, inabwerako itavala."

Anakasiya, n'kunena kuti akupita ku Makanjira kukadwazika mchimwene wawo, adzakatenga kumapeto kwa Julaye. A Gilford anakhala nako miyezi inayi asanakhudze kahinji kaja. Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi ankakatulutsa, kukaika pa thebulo, n'kumangokayang'ana ngati mwana woyamba kuona kanema. Tsiku lina anandiitana.

"Amake Jacinta, taonani apa. Munthu uyu anasema nthenga iliyonse payokhapayokha, wopanda magalasi, wopanda magetsi. Ine ndimati ndine mmisiri, kani ndimangowaza nkhuni."

Ine ndinayang'ana, ndipo ndinavomera kuti n'kokongola. Koma mumtima ndinkati, kukongola konseku bwanji eni ake osakasamala.

Kahinji anakakonza pakati pa Julaye, ndi katimsomali ka mkuwa kamene anasula okha. Lachitatu pa 24 ananyamuka kupita ku Dedza kukafuna mitengo, ndipo anabwerako Lachisanu masana. Atalowa kuseri kwa nyumba anapeza kabokosi kali pa thandala pakati pa ndolo ndi zibangili za mafupa, kakuuma padzuwa, koyera mbee ngati kasemedwa dzulo. Anatula mtolo wa phingo pansi. Anangogwira mzati wa thandala ngati munthu wachizungulire. Asanapeze mawu, galimoto inaima panjira.

Thandala lathu mukulidziwa, lili moonekera kwa aliyense wopita kukatunga madzi. Amene anakanena sindikumudziwa, ndipo sindingamunene kuti ananama, chifukwa chimene anaona ndi mnyanga woyera pakhomo pa munthu amene ankasema minyanga. Munatsika apolisi awiri ndi mkulu wina woona za nyama zakutchire, dzina lake a Mackson. Anakanyamula kabokosiko, kukatembenuza uku ndi uku, n'kukanunkhiza.

"Wasema ichi ndani?"

"Sikanasemedwe pano, bwana," anatero a Gilford. "N'kakale, ka mwini wake. Ine ndinangokonza hinji."

"Kakale kotani koyera chonchi?"

"Kanali kofiirira. Kachita kutsukidwa ndi jiki."

"Wakatsuka ndani?"

Pamenepo ine ndinali chiimire pakhomo la khitchini, Jacinta ali kumbuyo, manja ndawabisa m'chitenje. A Mackson anandiyang'ana. Ndinayang'ana pansi.

"Ndine, bwana," anatero a Gilford. "Ndekha. Mkaziyu sadziwa kanthu, yake ndi ya kukhitchini."

Anafufuza nyumba yonse, pansi pa bedi, m'thumba la ufa, mpaka m'denga, koma sanapeze china chilichonse. A Gilford sanawamenye, sanawatukwane. Anangowauza kuti avale nsapato, n'kuwakweza m'galimoto. Akukwera anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono, ndipo ndinamva chimene ankatanthauza, kuti ndisatsegule pakamwa.

Chichokereni tsiku limenelo ndikukhala ngati khoswe m'nyumba ya amphaka. Galimoto ikangochepetsa liwiro panjira, ndimasiya chimene ndikuchita n'kukaima kuseri kwa chitseko. Kokatunga madzi ndimapita anthu atabalalika, chifukwa ndikafika nkhani imaduka, ndipo aliyense wondipatsa moni ndimadzifunsa ngati si yemweyo anakanena. Mai wina amene tinkabwerekana mchere tsiku lililonse tsopano amaitana ana ake akamasewera pafupi ndi mpanda wathu. Ngakhale wogulitsa makala akagogoda, ndimadzidzimuka mpaka Jacinta kumbuyoku amadzuka. Ndili ndi mantha, achimwene, mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

Sabata yoyamba itatha ndinalimba mtima kupita ku ofesi kwa a Mackson. Ndi munthu waulemu, anandipatsa mpando. Kabokosi kanali mu kabati kotseka, katamangidwa kapepala ka nambala ngati mtembo kuchipatala.

"Mayi, ine ndaona minyanga yambiri," anatero. "Mnyanga wakale umadzichitira wokha umboni. Umafiirira, timing'alu take timada, m'makona mumasalala chifukwa cha manja a anthu. Aka n'koyera, kali ndi mikwaso ya sandipepa yatsopano, ndipo kapezeka kwa mmisiri amene timamudziwa kale. Masiku ano alipo anthu akusema zinthu zooneka zachikale kuti azigulitse kunja. Mukanakhala inuyo pampando wangawu mukanaganiza chiyani?"

Ndinati koma bambo akunyumba anena kale kuti kanachita kutsukidwa.

"Anenadi. Koma tsiku lomwelo ndinawayang'ana manja. Munthu amene wakhala masiku awiri akukwecha timizere tonseti ndi jiki, manja ake sakhala osalala chonchija. Ndiye ngati anandinamiza pamenepo, ndiwakhulupirire bwanji pa zinazo?"

Ine manja anga anali m'chitenje, ndipo ndinawakanikiza pakati pa mawondo. Ndinafunsa chimene chingathandize. Anati akatswiri oyeza zaka za mnyanga ali kunja kwa dziko, ndipo zimenezo zingatenge chaka munthu ali mkati. Koma patapezeka chinthu choonetsa kabokosi komweka kali ndi maonekedwe ake akale, pa tsiku lodziwika bwino, iwo eni akhoza kukauza khoti kuti mlanduwu ulibe mutu.

Che Abdullah anabwerako ku Makanjira pa 3 mwezi uno, ataika maliro a mchimwene wawo uja. Atangomva anapita okha ku ofesiko, ndi ndodo yawo, kukanena kuti kabokosi ndi kawo. Anawalemba mawu awo mwaulemu, koma anawauza kuti aliyense wogwidwa ndi mnyanga amakhala ndi agogo amene anamusiyira. Pepala alibe. Kabokosika kanalowa m'dziko muno kulibe boma lopereka mapepala. Anawalola kukaona, ndipo atachoka kumeneko anabwera molunjika kwathu.

Nditawaona akukhota pa mpanda ndinafuna kuthawira kuchimbudzi. Ndinawayalira mphasa pakhonde, ndinagwada potero, ndikuyembekeza kuti andilalatira kapena kunditemberera. Anakhala pansi n'kuyang'ana thandala.

"Ndakaona," anatero. "Mbalame zija zilipo, malemba alipo. Koma sindinakazindikire. Ndinatsegula kuti ndinunkhize, ndamva fungo la kuchipatala."

Ndinati pepani, Che Abdullah, pepani kwambiri.

"Mukudziwa, mwanangu, kufiirira kuja silinali litsiro. Anali manja. Amayi anga ankakagwira akadzola mafuta a nsatsi. Agogo anga ankakagwira akachoka kumunda. Pakona ina panali posalala pamene chala cha aliyense chimafikira potsegula, ndipo ine ndikaikapo changa ndinkadziwa kuti ndagwirana chanza ndi onsewo, mpaka mwana wamkazi wa mfumu uja. Ndinkafuna mdzukulu wanga aikepo chake."

Ndinadzuka kukawatengera madzi akumwa, ndipo popereka kapu ndi manja awiri, monga anatiphunzitsira amayi, ndinaiwala kubisa. Anayang'ana manja anga. Kenaka anandiyang'ana kumaso, n'kumwa madziwo. M'mawa mwake anatuma mkazi wawo kudzandipatsa kabotolo ka mafuta a kokonati, ndi uthenga woti ndizipaka m'mawa ndi madzulo.

Achimwene, ndazungulira mokwanira, ndipo ndikudziwa kuti mwazindikira kale. Kabokosi kaja sanatsuke a Gilford. Ndinatsuka ndine.

Palibe anandituma. A Gilford atapita ku Dedza ndinakatulutsa kuti ndipukute fumbi, poti mwini wake anali pafupi kubwera. Nditakayang'ana padzuwa ndinachita manyazi. Ndinati mkulu uja adzati chiyani, kuti kanthu kake kakhala miyezi inayi pakhomo pa Jemima n'kubwerera ndi litsiro lomwe lija? Ndiponso n'kopita ku ukwati. Ndinati ndimuchitire zabwino, adzadabwe. Ndinayamba ndi sopo, koma sikanasinthe. Ndinathira mandimu, kanangoyera pang'ono. Ndiye ndinatenga jiki wosasungunula ndi mswachi wakale, ndipo m'mene mswachi sumafika ndinkalowetsa zala ndi kansalu. Pamene panakanika ndinadutsitsa sandipepa yosalala ija. Mafupa ndimawavundula ndi kamtengo, koma aka ndinkakagwira ndi manja chifukwa ndinkaopa kukaswa. Masiku awiri, achimwene, ndikuimba nyimbo za kwaya. Khungu la m'zala litayamba kusupuka ndinkati ndi umboni wa ntchito yabwino. Pakona posalala paja ndinapakwecha kwambiri kuposa pena paliponse, chifukwa ndi pamene panali pakuda kwambiri.

Safunsa anadya phula. Ndikanangodikira masiku awiri n'kufunsa mwamuna wanga, bwenzi lero akusema pansi pa mtengo wa mango uja, ine ndikuwanyoza kuti akudetsa bwalo. Zaka mazana asanu ndi atatu kabokosi kaja kanapulumuka panyanja, pankhondo ndi m'nyumba zofoleredwa ndi udzu, koma kanadzagonja kwa mlongo wanu ndi mswachi wake.

Ndikapita kukawaona a Gilford sanditchulira n'komwe za kutsukako. Aonda, ndipo akutsokomola chifukwa cha kuzizira kwa simenti. Lachiwiri lapitali ndinawauza kuti ndikufuna kukanena zoona kwa a Mackson, poti bodza lawo londiteteza ndi limene likuwamiza. Anagwira waya wa pawindo n'kuyankhula motsitsa mawu.

"Ukakanena, akakutsekera iwenso. Adzati tinkachitira limodzi, wina kusema wina kumaliza, ngati m'mene timachitira masiku onse. Ndiye Jacinta akayamwa kwa yani? Usayerekeze, Jemima. Ndakuletsa."

Chikwatiranireni sananditchulepo dzina langa pagulu. Ndinangoti ndamva.

Tsopano ndifike pa pempho langa. Mukukumbuka Pasaka wa chaka chino, pa 7 Epulo, pamene munabwera ku ubatizo wa Jacinta. Titachoka kutchalitchi munatijambula zithunzi zitatu m'nyumba. Ziwiri munatitumizira, ndipo zili pakhoma. Chachitatu munalemba kuti chinaonongeka, simungatumize chifukwa chingakuchotsereni ulemu pantchito. Ine ndinaseka, chifukwa ndikudziwa kuonongeka kwake. Kuyambira kale inu mukajambula munthu wamtali mumamudula mutu. Munadula mutu wa malume pa ukwati wanga, munadulanso wa abusa pa chinkhoswe cha msuweni wathu a Enerst, mpaka kumudzi ankati amene akufuna kutuluka wathunthu kwa Josiah ayambe wagwada.

Pa chithunzi chachitatucho a Gilford anaimirira kumbuyo kwa thebulo, ine nditakhala pampando ndi Jacinta atavala diresi yake yoyera ya ubatizo. Linali Lamulungu, ndiye kabokosi kanali pa thebulo monga mwa masiku onse, pafupi ndi kandulo ya ubatizo. Ndikukumbuka bwino chifukwa munati tichotsepo kachinthu kakudako, a Gilford n'kukana. Ngati munadula mutu wa alamu anu, ndiye kuti kamera inaloza pansi. Ngati inaloza pansi, ndiye kuti thebulo linatuluka lonse, ndi kabokosi kali ndi maonekedwe ake akale pambali pa diresi yoyera. Tsiku lake lili pa kalata ya ubatizo, ndipo abusa avomera kukachitira umboni. Chithunzi chimene munachita nacho manyazi chija ndi chimene chingatulutse bambo a Jacinta.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti munandiuzapo kuti zithunzi zoonongeka mumaziponya m'katoni pansi pa bedi, ndipo katoniyo ikadzaza alamu amakolezera mbaula. Papita miyezi inayi. Sindikudziwa kuti katoni yanu imadzaza msanga bwanji. Ndakhala ndikuwerengera maukwati ndi maubatizo a ku Karonga amene sindikuwadziwa n'komwe, ndikupemphera kuti chaka chino mwajambula anthu aafupi okhaokha.

Chonde mukangomaliza kuwerenga, gwadani pansi pa bedi. Mukapanda kupeza chithunzi, funani negetivi yake, ngakhale itakhala yokandika. Mukachipeza musachiike pa positi, kalata ya kumeneko imatenga masiku khumi ndipo ina imasochera. Mupatseni kondakitala wa basi amene mumamudziwa, mundiimbire foni kutchalitchi kwathu kuti ndikadikire ku depoti, kapena bwerani nacho nokha. Musachipinde, musachikonze, musachipukute ndi chilichonse. Chisiyeni m'mene chilili. Ine amene ndikunena zimenezi ndaphunzira mochedwa.

Koma mukapanda kuchipeza, musandinamize pofuna kundilimbitsa mtima. Ndiuzeni msanga, ndipo mubwerebe pasanafike pa 29. Mubwere ndi alamu, chifukwa padzafunika munthu wamkazi wonyamula mwana pa basi. Zovala za Jacinta ndachapa kale, zili m'kachikwama kofiira pamodzi ndi khadi lake la kusikelo. Ndayamba kumuzoloweza phala la soya masana kuti asadzavute kwambiri. Usana amagona bwino mukamuika chafufumimba n'kumusisita pamsana, ndipo amaopa nkhuku.

Ndikutero chifukwa ngati chithunzi palibe, umboni wotsala ndi manja angawa. A Mackson anafuna kuona manja amene anatsuka kabokosi, ndipo ndidzaimirira m'khoti n'kuwaonetsa, ngakhale mwamuna wanga wandiletsa. Kaya adzamasula iwo n'kutenga ine, kaya adzatitenga tonse, sindikudziwa. Koma sindingathe kumuona munthu akupita ku ndende zaka chifukwa cha ukhondo wanga. Vuto ndi loti manjawa ayamba kupola. Khungu latsopano likumera m'zala, ndipo pofika pa 29 mwina sipadzakhala choonetsa. Kabotolo ka mafuta ka Che Abdullah kali pawindo, sindinakatsegule.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti asakoleze mbaula ndi pepala lililonse mpaka mutayang'ana. Moni kwa ana onse, makamaka Jemima wamng'ono amene munamutcha dzina langa. Mumuuze kuti azakhali ake akuti akapeza chinthu chakale m'nyumba ya munthu, azifunsa kaye asanachigwire. Che Abdullah akupereka moni ngakhale sakudziwani, akuti akukupemphererani kumzikiti kuti maso anu aone bwino pofufuza. A Gilford sakudziwa kuti ndalemba kalatayi, koma ndikudziwa kuti akanapereka moni, ndipo akanati akukhululukirani za mutu wawo uja.

Jacinta wadzuka, akulira. Ndikamuyamwitse nthawi idakalipo.

Ndine mlongo wanu amene akudikira ku depoti,

Jemima.